Fomu ikuti zikomo koma imelo siikufika, vuto lili pati?

Funso ili lachokera kwa achimwene ena a ku Rosettenville konkuno ku Johannesburg, ndalifupikitsa chifukwa linali lalitali ndithu. Akuti anapangira amalume awo webusayiti pa Django, chida cha Python chopangira mawebusayiti. Amalumewo ali ndi geni yonyamula katundu kuchoka kuno ku Joni kupita kumudzi, mafiriji, mabedi, njinga, masofa, zonse zija timatumiza chaka chikamatha. Pa webusayitipo anaikapo fomu yoti makasitomala azilembapo uthenga, ndipo fomuyo anaisintha okha, anawonjezera polemba nambala ya foni, posankha boma lomwe katundu akupita ndi poika chithunzi cha katunduyo, HTML yake analemba pamanja kuti iwoneke bwino. Pa laputopu zonse zimayenda. Koma chiikireni pa seva, anthu akadina batani nthawi zina tsamba limangobwerera lopanda kanthu, nthawi zina limati "zikomo uthenga wanu talandira" koma ku Gmail ya amalume kuli zii. Asintha pasiwedi katatu, asintha port, palibe chasintha, ndipo amalume ayamba kufunsa kuti ndalama za seva zija tikulipirira chani.

Achimwene, choyamba chotsani kaye manja pa settings.py, fayilo ya makonzedwe a Django ija. Kusintha pasiwedi lero, port mawa, mkuja kukopera khodi ya munthu wina pa intaneti, zimenezo zikungowonjezera matenda pamwamba pa matenda ndipo tsiku lomwe zidzagwire simudzadziwa n'komwe kuti chakonza ndi chiti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tafunsani amalume anuwo zomwe amachita firiji ya munthu ikapanda kufika ku Limbe. Sayamba ndi kusintha matayala a lole ayi, amaimbira dalaivala n'kufunsa kuti pa Beitbridge munadutsa? Nanga pa Nyamapanda? Tete mwawoloka? Pa Mwanza anakugwirani? Mpaka apeze pomwe katundu watsakamira. Uthenga wa pa fomu nawonso uli ndi maboda ake. Umachoka mu browser ya kasitomala, ufike pa seva, view yanu, khodi yomwe imayankha tsambalo, iwulandire, fomu iwuyeze ngati uli bwino, send_mail awupereke ku seva ya imelo, kenako Gmail aganize ngati awuike mu inbox kapena awutaye. Ndipo m'mene mwafotokozeramo ine ndikuona matenda awiri osiyana, tsamba lobwerera lopanda kanthu ndi nkhani ina, zikomo wabodza uja ndi nkhani inanso, ndiye musawapatse mankhwala amodzi.

Tiyambe ndi lobwerera lija. Tsegulani webusayiti yeniyeniyo ya pa seva mu Chrome kapena Firefox, dinani F12, pitani pa Network, lembani fomu n'kutumiza. Muona mzere wa POST, womwe ndi uthenga womwe browser yatumiza ku seva, ndipo pambali pake pali nambala. Nambala imeneyo ndi dalaivala wanu, ikuuzani boda yomwe mwagwidwa.

Ikakhala 403 ndiye ndi CSRF, chitetezo cha Django chokana fomu yotumizidwa kuchokera pa webusayiti ya mlendo. Mwina munaiwala csrf_token mkati mwa fomu polemba HTML, koma poti pa laputopu zimayenda ine ndikukayikira china. Kuyambira Django 4.0 yomwe inatuluka mu Disembala 2021, Django amayang'ananso komwe POST yachokera, ndipo mu CSRF_TRUSTED_ORIGINS adiresi iyenera kuyamba ndi https:// osati dzina la webusayiti lokha ngati kale. Maphunziro ambiri akale a pa YouTube akadali ndi njira yakale ija. Seva yanu ikakhala kuti kutsogolo kuli Nginx yemwe amalandira https n'kumapereka kwa Django ngati http wamba, Django amasokonezeka, amaona ngati uthenga wachokera kwa mlendo. Lembani maadiresi onse awiri, ya www ndi yopanda www. Ndipo chonde musamvere aliyense wokuuzani kuti ingoikani csrf_exempt zitheretu, kumeneko ndi kuchotsa chitseko chifukwa kiyi akuvuta.

Ikakhala 301 yang'anani action ya fomu yanu, nthawi zambiri mwalemba /contact pomwe mu urls.py muli /contact/ yokhala ndi kamzere kumapeto. Django amakutumizani ku adiresi yolondola koma paulendowo POST imasanduka GET, zonse zomwe munthu analemba zimagwera panjira. Ikakhala 413 ndiye ndi chithunzi chija. Nginx akangoikidwa kumene amalola 1 MB yokha basi, pomwe chithunzi cha foni za masiku ano chimadutsa pamenepo mosavuta, ndiye inu poyesa pa laputopu munalibe Nginx ndipo mwina mumaika kachithunzi kakang'ono, kasitomala akujambula sofa yonse ndi Samsung yake. Kwezani client_max_body_size kufika 10M mwina, n'kumuyambitsanso Nginx. Izi ndi zachangu.

Koma ndikhoza kubetcha mtengo wa taxi yopita ku Park Station kuti mupeza 200. Ndipo 200 ndi yomwe imapusitsa anthu chifukwa imaoneka ngati zonse zili bwino, pomwe tanthauzo lake pa fomu ndi lakuti is_valid, woyeza fomu uja, wakana, view yabweza tsamba lomwelo kuti munthu akonze zolakwika, koma zolakwikazo sizikuoneka chifukwa HTML munalemba nokha. Mukamulola Django kujambula fomu yekha amaika mauthenga a zolakwika pafupi ndi bokosi lililonse ndipo amabwezeramo zomwe munthu analemba. Mukalemba pamanja ntchito yonseyo ndi yanu, walira mvula walira matope. Ndiye kasitomala akuona fomu yayera mbee, akuganiza kuti zapita, kapena akutukwana n'kutseka. Ikani form.errors penapake pamwamba pa fomu mu template, ndi form.non_field_errors yemwe, ngakhale zioneke zonyansa kwa tsiku limodzi, ndipo mu view pa else ya is_valid lembani form.errors mu log. Django akuuzani yekha bokosi lomwe likukana. Mphindi 5 zokha.

Zomwe mukapeze pamenepo ndikuzidziwa chifukwa ndakumana nazo kambirimbiri. Choyamba name ya input mu HTML iyenera kufanana ndendende ndi dzina la field mu forms.py. Mu forms.py mwalemba phone_number, mu HTML mwalemba name="phone", kwa Django ndiye kuti bokosilo labwera lopanda kanthu ndipo akuti This field is required. Id sawerenga, placeholder sawerenga, amawerenga name basi. Chimodzimodzi posankha boma paja, ngati mu choices munalemba nkhatabay koma option ya mu HTML ikutumiza Nkhata Bay, akana. Maboma ndi 28, kulemba kawiri pamanja penapake mulakwitsa ndithu, lolani Django ajambule select ameneyo kuchokera mu choices, inu muzingomuveka CSS. Za chithunzi pali zinthu ziwiri zomwe zimayendera limodzi, fomu ikhale ndi enctype="multipart/form-data" ndipo mu view mupereke request.FILES pamodzi ndi request.POST. Chimodzi chikasowa chithunzi sichifika, ndipo ngati munati chithunzi n'chokakamiza fomu yonse yagwa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa izi simuzipeza mu maphunziro opangidwa ku America kapena ku India. Munati munawonjezera zoyeza zanu pa dzina ndi pa foni. Tayang'anani bwino regex yomwe munakopera, kalamulo koyezera zilembo kaja. Zambiri zimalola zilembo A mpaka Z ndi mpata basi. Nanga munthu wa dzina ngati Ng'oma kapena Ng'ambi alemba bwanji? Kachizindikiro ka pakati pa ng ndi o kaja kamugwetsa pomwepo, ndipo pa iPhone kamatuluka kopindika, kosiyana ndi ka pa kiyibodi ya kompyuta, ndiye ngakhale mutalola kamodzi, kena kaja kakanidwabe. Wina alemba ŵ ya mu Malaŵi, yakanidwanso. Ine maganizo anga ndi akuti dzina la munthu musamaliyeze n'komwe, CharField yokhala ndi max_length yakwana, munthu amadziwa yekha dzina lake kuposa regex yanu.

Nambala ya foni ndiye ndi pomwe pagona nkhani. Inu poyesa mumalemba nambala yanu ya kuno, manambala 10 oyamba ndi 0, kapena +27, n'kumadutsa bwinobwino. Koma geni ya amalume ili ndi mbali ziwiri. Wotumiza ali ku Turffontein, wolandira ali ku Mzimba kapena ku Mangochi, ndipo nthawi zambiri wofunsa kuti katundu wanga ali pati ndi wa kumudziyo, nambala yake ndi +265 kutsogolo kenako manambala 9, ya Airtel yoyamba ndi 99 kapena ya TNM yoyamba ndi 88. Ngati regex yanu ikudziwa +27 yokha ndiye kuti theka la makasitomala mwawatsekera panja. Komanso anthu salemba nambala mwaudongo, wina aika mipata, wina timizere, wina ayamba ndi 00265, wina akopera kuchokera pa WhatsApp. Mu clean_phone yanu yambani ndi kuchotsa mipata ndi timizere tonse, kenako muone ngati zotsalazo, kupatula + woyamba uja, ndi manambala okwana pakati pa 9 ndi 15, basi musapitirire apo. Mukafuna zaukadaulo pali phukusi la django-phonenumber-field, koma samalani, nambala yoyamba ndi 0 yopanda khodi ya dziko payokha singakuuzeni ngati ndi ya kuno kapena ya kumudzi, ndiye ndi bwino kulemba pansi pa bokosilo kuti yambani ndi +27 kapena +265. Ndipo musagwiritse IntegerField pa foni, imadya 0 woyamba uja.

Kanthu kena kakang'ono koma koluma, clean_phone kapena clean iliyonse ya field imodzi iyenera kubweza chinthucho ndi return kumapeto. Mukaiwala palibe cholakwika chomwe chioneke, fomu idutsa, koma mu cleaned_data nambala ikhala None, amalume adzalandira imelo yokongola yonena kuti foni ya kasitomala ndi None kkkk.

Chabwino, tibwere kwa zikomo wabodza uja. Pa Network muona 302, kutanthauza kuti fomu yadutsa ndipo view yakutumizani ku tsamba lothokoza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsegulani view yanu mufufuze zinthu ziwiri, fail_silently=True mu send_mail, kapena try yokhala ndi except yomwe pansi pake pangolembedwa pass. Zonsezi zikutanthauza chimodzi, imelo ikakanika khala chete usauze munthu. Ineyo zinandigwera zaka zingapo zapitazo, ndinapangira mayi ena a geni ya makeke cha ku Kempton Park fomu ya maoda, fail_silently ndinamusiya momwemo kuchokera pa nthawi yoyesa, pasiwedi ya imelo inasinthidwa ine osadziwa, masabata atatu fomu ikungothokoza anthu. Tinadziwa tsiku lomwe munthu anabwera kudzatenga keke ya ukwati yomwe sinaphikidwe. Manyazi ake sindidzaiwala, ndipo maoda a masabata atatu aja sanapezekenso chifukwa sanasungidwe pena paliponse. Chotsani zimenezo, lolani chiphulike muone uthenga wake.

Kenako ndikufunseni, mukuti pa laputopu zimayenda, kodi imeloyo mumaiona ikufika mu inbox yeniyeni kapena mumaiona ikulembedwa mu terminal? Chifukwa ngati EMAIL_BACKEND yanu ikuthera ndi console.EmailBackend, Django satumiza kanthu, amangosindikiza pa sikirini, ndipo mukapita nayo pa seva choncho adzapitiriza kusindikizira mu log mosangalala mpaka kalekale. Yotumizadi ndi yothera ndi smtp.EmailBackend.

Mukatsimikiza zimenezo isiyeni kaye fomu, tiyese imelo payokha. Lowani mu seva ndi SSH, osati pa laputopu, pa seva penipenipo, mulembe python manage.py sendtestemail kenako adiresi ya imelo ya amalume. Pachitika chimodzi mwa zitatu.

Ikangoima duu osayankha mpaka kutopa, ndiye kuti geti ndi lotseka. Makampani ambiri obwereketsa maseva amatseka port 25 chifukwa cha anthu a spam, ena amatseka ndi 465 ndi 587 zomwe pa akaunti zatsopano, ndipo Django mukapanda kumuuza kanthu amayesa localhost pa 25. Apa khodi yanu ilibe mlandu, alembereni eni sevawo akutsegulireni, kapena gwiritsani ntchito makampani otumiza imelo kudzera pa API monga Mailgun, Brevo kapena Amazon SES, phukusi la django-anymail limalumikiza zimenezi popanda kusintha send_mail wanu. Ikaninso EMAIL_TIMEOUT ya masekondi 10 mwina, chifukwa popanda iyo kasitomala amangoona tsamba likuzungulira mpaka Gunicorn, pulogalamu yoyendetsa Django pa seva, amuphe wantchito wake pa masekondi 30, munthu n'kudinanso batani kachiwiri ndi kachitatu.

Ikatulutsa SMTPAuthenticationError ndi nambala 535, ndi pasiwedi, koma osati m'mene mukuganizira. Mwasintha katatu pachabe chifukwa Google anasiya kulola pasiwedi wamba ya Gmail pa zinthu ngati izi mu Meyi 2022. Pamafunika kuyatsa 2-Step Verification pa akauntiyo kenako kupanga App Password, ya zilembo 16, ndi imeneyo yomwe imalowa mu EMAIL_HOST_PASSWORD. Host ndi smtp.gmail.com, port 587 imayenda ndi EMAIL_USE_TLS, port 465 imayenda ndi EMAIL_USE_SSL, osayatsa zonse ziwiri, Django amakana. Ngati zimenezi mumazisunga mu fayilo ya .env onetsetsani kuti inafikadi pa seva, poti nthawi zambiri imakhala mu .gitignore ndiye git sainyamula. Ndipo chilichonse chochokera mu .env chimabwera ngati mawu, ndiye False wolembedwa mmenemo kwa Python ndi mawu okhala ndi zilembo, amawatenga ngati zoona, izi zimazunguza mutu anthu akuluakulu. Chinanso, sendtestemail ikhoza kuyenda mu SSH koma fomu n'kumakanabe, chifukwa Gunicorn woyambitsidwa ndi systemd saona zomwe munaika mu shell yanu, komanso mukasintha settings osamuyambitsanso akugwirabe ndi zakale.

Ikadutsa mwakachetechete osadandaula, ndiye kuti katundu wawoloka maboda onse wagwidwa pa Mwanza, pakhomo penipeni. Tsegulani Spam ya amalume. Ngati yoyesayo yafika koma za pa fomu sizifika, mwina munachita chomwe tonse tinachitapo, munaika imelo ya kasitomala ngati from_email kuti amalume akadina Reply ipite kwa kasitomalayo. Maganizo abwino koma njira yolakwika. Seva yanu ikutumiza kalata yonena kuti yachokera ku adiresi ya Yahoo ya munthu wina, pomwe Yahoo sanakupatseni chilolezo cholankhula m'dzina lake, ndiye wolandira akayang'ana SPF, DKIM ndi DMARC, zitupa zotsimikizira komwe imelo yachokera, amaona ngati chinyengo, aiponya ku spam kapena kuikana kumene. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsanso malamulo amenewa. Chochita n'chophweka, from ikhale adiresi yanu nthawi zonse, yomwe mwalowera nayo, ndipo m'malo mwa send_mail gwiritsani EmailMessage yomwe ili ndi reply_to, mmenemo ndi momwe muike imelo ya kasitomala. Amalume akadina Reply ipita koyenera. Chithunzi chija muchimata ndi attach pa EmailMessage yomweyo. Mukadzayamba kutumiza ndi adiresi ya dzina la webusayiti yanu ya .co.za, mudzafunika kuika SPF ndi DKIM mu DNS, kampani yotumiza imelo imakupatsani zoti mukopere.

Koma ndinene zomwe ndingachite ine ikanakhala webusayiti ya amalume anga. Imelo ndi chinthu chomwe chidzakanikenso tsiku lina, kaya pasiwedi, kaya seva ya eni ake, ndiye uthenga usamadalire imelo yokha. Pangani tebulo la mu database, ndiye kuti model yaing'ono, dzina, foni, boma, uthenga, chithunzi ndi tsiku, fomu ikhale ModelForm, is_valid akangovomera sungani mu database kaye, kenako muyese kutumiza imelo, ikakanika mulembe mu log ndi logger.exception koma uthenga uli kale m'nyumba. Ilembetseni mu admin, amalume azitha kutsegula pa foni n'kuona onse omwe alemba. Keke ija ikanaphikidwa ndikanachita zimenezi. Pokhapo kumbukirani kuti mukayamba kusunga mayina ndi manambala a anthu kuno ku South Africa pali lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndiye lembani pansi pa fomu kuti nambalayo mukuifunira chani, musafunse zomwe simukuzifuna ngati nambala ya pasipoti, ndipo admin akhale ndi pasiwedi yolimba.

Komanso tinene zoona, makasitomala a amalume ndi angati omwe amatsegula imelo? Ambiri ndi a WhatsApp. Bokosi la imelo liikeni required=False, foni ndiyo ikhale yokakamiza, apo ayi anthu azingolemba adiresi zabodza kuti adutse. Mukatero samalani reply_to, muziika pokhapokha munthu walembadi imelo. Za spam musathamangire CAPTCHA yovuta ija yosankha mabasi ndi ma robot, imadya bandulo ya anthu, yambani ndi bokosi lobisika ndi CSS lomwe munthu saliona koma ma bot amalidzaza, likabwera lodzaza mukane.

Mukayesa zonsezi n'kukanikabe nditumizireni zinthu zitatu, nambala ija ya pa Network, zomwe form.errors wanena, ndi mzere womaliza wa zomwe sendtestemail watulutsa. Koma lero lomwe musanagone, chithunzi cha settings.py chomwe munanditumizira chija pasiwedi ya Gmail ya amalume ikuoneka yonse, ndipo munanena kuti munachiponyanso pa gulu la WhatsApp la anzanu a khodi. Isintheni imeneyo, ndi SECRET_KEY yemwe, anali pamwamba pake pomwepo.